Chaka Chimene Amuna Anga Sanapite ku Maka

Ndinakwatiwa ku Thuchila patangopita zaka ziwiri chithereni njala yaikulu ija. Kwathu ndi kumunsi kwa phiri, cha ku Likhubula, ndipo makolo anga anali Alomwe opemphera ku tchalitchi. Amuna anga anali Myao, Msilamu, telala wosokera pakhonde la sitolo ya Mmwenye. Mwa mwambo wathu iwo ndiwo akanabwera kudzamanga kwathu, koma amalume anga anaona okha kuti makina osokera sangadyetse banja pamudzi pamene munthu amasoketsa malaya kamodzi pachaka. Analola kuti ndipite. Ndinalowa Chisilamu, ndinasiya mbewa, ndinaphunzira kusamba m'manja, kumaso ndi kumapazi ndisanaswali, ndiko kupemphera kwa Chisilamu. Apongozi anga aakazi ankandiseka mokoma mtima ndikamalankhula Chiyao, amati mawu ndi awo koma lilime ndi la kwathu.

Za ku Maka ndinazidziwa ndisanathe mwezi m'nyumbamo. Tsiku lina ndikusesa ndinakoka bokosi la pansi pa bedi, ndipo m'kati mwake ndinapezamo nsalu ziwiri zoyera, zosasoka ngakhale m'mphepete. Ndinadabwa kuti telala angasunge bwanji nsalu yosapinda m'mbali, ndiye ndinawafunsa ngati zinali za maliro. Anaseka pang'ono n'kundiuza kuti ndi zimene amavala mwamuna wopita ku Haji, kuti kumeneko wolemera ndi wosauka amavala chimodzimodzi, ndipo chovala chosokedwa sichiloledwa. Anali atazigula akadali mnyamata wophunzira ntchito, ndipo kuyambira pamenepo ankapatula kangachepe pa zimene ankapeza. Sanali munthu wolankhula zambiri, koma akayamba za ulendo umenewu ankaiwala kuti tiyi akuzizira.

Masiku amenewo anthu a kwathu kuno opita ku Haji anali osowa. Munthu ankakwera sitima ya pamtunda ku Luchenza mpaka ku Beira, kenako ya pamadzi imene inkaima m'madoko ambiri isanafike. Zinkatenga miyezi, ndipo ena sankabwerako. Palibe amene ankafuna kuyenda yekha ulendo wotere, choncho amuna anga anapangana ndi bambo wina wachikulire wogulitsa matemba, amene ankakapikula kunyanja ya Chilwa n'kumabwera nawo panjinga. Anali munthu wa mawu okweza, wosadziwa kunong'ona, ndipo ana ake onse anali atakula. Chaka chachitatu cha ukwati wathu, ine ndili ndi mwana kumsana, awiriwa anamaliza zonse: mapepala ku boma, katemera pamkono, ngakhale tsiku lokwerera sitima. Anati adzanyamuka pakangopita milungu itatu chimasulireni Ramadani.

Amuna anga anali ndi mlongo mmodzi yekha. Mlamu wangayo ankakhala ndi mayi awo kumudzi, kutsidya kwa mtsinje, ulendo wosafika ola limodzi wapansi. Mwamuna wake anapita ku Joni kumigodi, analemba makalata awiri, kenako ziii. Anatsala ndi ana atatu, onse aakazi, ndi mayi okalamba amene maso awo anali atachita khungu kotero kuti ankangosiyanitsa usana ndi mdima. Mlamu wanga ndiye ankalima, kutunga madzi ndi kuwagwira dzanja popita kuseri. Anayamba kutsokomola nthawi ya dzinja. Ankati ndi chifuwa cha mvula, chitha chokha, ndipo anamanga Ramadani yonse osauza munthu kuti akulavula magazi. Patatha masiku asanu ndi limodzi titadya Idi, chikondwerero chomasulira Ramadani, anamwalira masana, mwana wake wamkulu atapita kudambo kukathyola ndiwo.

Maliro atatha, anthu atabalalika, tinatsala pabwalo ine, amuna anga, apongozi ndi ana aja. Wamkulu anali wa zaka mwina khumi, wotsiriza anali atangosiya kuyamwa. Kwa Ayao, monganso kwa ife Alomwe, ana a mlongo ndi mbumba ya mlongo wake wamwamuna. Panalibe m'bale wina wamwamuna, ndipo amalume awo anali atamwalira nthawi ya njala. Palibe amene ananena kanthu za ulendo, koma tonse tinkadziwa kuti kwatsala milungu iwiri.

Woyamba kuyankhula anali bambo a matemba aja. Anabwera pakhonde la sitolo m'mawa, ine nditabweretsa chinangwa chophika, n'kutsamiritsa njinga yawo pamzati. Anapepesa maliro mwaulemu, kenako anafunsa ngati katundu wamangidwa. Amuna anga atati akuganizirabe, bambo aja anakweza mawu mpaka Mmwenye anasuzumira pakhomo. Ananena kuti Haji si ulendo wokaona abale umene munthu amasintha tsiku, kuti ndi lamulo, ndipo amene wapeza njira n'kuzengereza akusewera ndi moyo umene sadziwa kutalika kwake. Anawakumbutsanso amuna anga kuti mlongo wawoyo anali wamng'ono kwa iwo, koma wapita.

"Anawa Mulungu ankawadyetsa inu musanakhale ndi nzeru zowadyetsa," anatero. "Mukuganiza kuti mukachoka miyezi inayi adzaiwala kumene akukhala?"

Amuna anga anangopitiriza kupalasa makina.

Ine ndinali mbali ya bambo a matemba, ngakhale chifukwa changa chinali china. Ndinkaopa kuti tsiku lina anthu adzati telala uja akanakhala Alhaji, koma anakwatira Mlomwe wosadziwa kusamala pakhomo. Ndinawauza amuna anga kuti apite. Ndinati ana ndiwatenga, apongozi ndiwasamala, amayi anga adzatitumizira nyemba za kalongonda ndi makaka a chinangwa kuchokera ku Likhubula, sitifa. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anandifunsa kuti ndikakhala kumunda kutsidya, wowatsogolera mayi ndani, ndipo ndikakhala ndi mayi, wolima ndani. Ndinati ndiona pochita. Anati akudziwa kuti ndikunena ndi mtima wonse, koma akufuna amve kwa ashehe.

Ashehe a mzikiti wathu anali nkhalamba yowonda, yoweta mbuzi, imene inaphunzira ku Mangochi ili mnyamata. Iwo eni anali asanapiteko ku Maka. Anabwera kunyumba kwathu Lachisanu itatha swala ya masana, anakhala pampando wa ndalema pansi pa mtengo wa mapeyala, ndipo ine nditapereka madzi n'kufuna kulowa m'nyumba, anandiuza kuti ndikhale pomwepo chifukwa mafunso ena ndi anga.

Anafunsa zinthu wamba, mwapang'onopang'ono. Anafunsa ngati chimanga cha kumudzi chingafike mwezi wa khumi. Sichikanafika, chifukwa mlamu wanga analima theka la munda atayamba kudwala. Anafunsa ngati pali munthu wina wodziwa kusoka amene angakhale pamakina. Panalibe. Anafunsa ngati zimene amuna anga anasunga zingakwanire ulendo ndi kutsalako zodyetsa anthu asanu ndi mmodzi. Amuna anga anati zinali zokwanira ulendo ndi ine ndi mwana wanga basi. Kenako anatembenukira kwa ine n'kundifunsa ngati ndinayamba ndasamalapo munthu wosaona. Ndinati ayi. Anafunsanso ngati ndili ndi pakati. Funso limeneli kwathu mwamuna safunsa, ndipo ndinayang'ana pansi. Ndinali ndi miyezi iwiri, ndipo ndinali ndisanawauze amuna anga, poopa kuti ndiwalepheretsa. Kuyang'ana pansi kwangako kunayankha.

Ashehe anasisita bondo. Kenako anafotokoza kuti akuluakulu ophunzira za chipembedzo sagwirizana onse pa nkhani ya nthawi. Ena amati munthu akangotha kupita apite chaka chomwecho, ena amati akhoza kudikira ngati cholinga chake chili chenicheni. Anati bambo a matemba sananame. Koma anapitiriza kunena kuti pali chinthu chimodzi chimene onsewo amavomerezana: lamulo limagwira munthu amene angathe, ndipo kutha si kukhala ndi tikiti yokha. Munthu ayenera kusiya pakhomo chakudya cha onse amene amadalira dzanja lake kufikira atabwera.

"Milungu itatu yapitayo munali wokhoza," anatero kwa amuna anga. "Lero pakhomo panu pawonjezeka anthu anayi, ndi wachisanu ali m'njira. Mukatsala simunalakwe. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi. Chaka chilichonse muzidzifunsa mwatsopano ngati anawa akukufunanidi, kapena mwangozolowera kukhala. Ndikunena izi chifukwa ine ndinasiya kudzifunsa, ndipo pano miyendo yatha."

Amuna anga anatsala. Tsiku la ulendo anaperekeza bambo a matemba mpaka ku Luchenza, atawanyamulira sutikesi panjinga. Kunali chiperoni, phiri silinkaoneka n'komwe. Anabwera madzulo atanyowa, anasintha malaya, n'kupita kutsidya kukatenga mayi awo. Anawakweza pakaliyala, iwo akukankha njinga wapansi, ana akutsatira pambuyo atasenza mphika, mphasa ndi nkhuku ziwiri. Zimene anasungira ulendo zinapita ku chipinda china chimene tinawonjezera kunyumba, mabulangete ndi chimanga.

Apongozi atamva kuti mwana wawo sanapite chifukwa cha iwo, anakana kudya tsiku lathunthu. Ankati akanadziwa akanatsagana ndi mwana wawo wamkazi. Amuna anga anakhala nawo pamphasa n'kuwauza m'Chiyao kuti Maka sasamuka, ndipo iwo sakanatha kuima pamaso pa Mulungu kumeneko mtima uli ku Thuchila. Mayiwo anawagwira kumaso ndi manja onse awiri, monga ankachitira akafuna kudziwa ngati munthu akunena zoona, kenako anaitanitsa phala.

Ine mawu a ashehe onena za munthu wokhala pamakina sanandichoke. Nditachira mwana wachiwiri, ndinawauza amuna anga kuti andiphunzitse kusoka. Anaganiza kuti ndikufuna kumasoka zigamba za ana. Nditawauza kuti ndikufuna ndidzakhale pakhonde iwo akadzapita, ananena kuti sanaonepo mkazi pakhonde la sitolo. Ndinati nanenso sindinamuonepo. Mawa lake anandipatsa kansalu ka kaliko ndi kundionetsa popondera.

Sizinali zophweka. Phazi langa linkathamanga kuposa manja, ulusi unkaduka, ndipo singano ndinathyola zingapo. Ndinkaphunzira masana apongozi akagona, mwana wamkulu wa mlamu wanga akuyang'anira makanda. Kabudula wanga woyamba anali wa kapitawo wina wa ku esiteti ya tiyi. Anatuluka mwendo umodzi wothina, wina wotakasuka ngati siketi. Amuna anga anamumasula yense, ndipo anandipatsanso kuti ndiyambirenso. Azimayi opita kumsika ankaima n'kumandiyang'ana, ena akuseka m'nsalu. Koma patapita miyezi, azimayi omwewo anayamba kubweretsa nsalu zawo kwa ine, chifukwa kwa mkazi mnzawo ankatha kuyezedwa m'chiuno popanda manyazi. Mwezi ukatha, anthu a ku esiteti akalandira, tinkasinthana pamakina mpaka dzuwa kulowa.

Bambo a matemba anabwera patatha miyezi inayi ndi theka, atawonda, ndevu zitayera. Ndinkayembekezera kuti adzatinyoza, koma anafika kwathu asanapite n'komwe kumsika. Anabweretsa kabotolo ka madzi a chitsime cha Zamuzamu cha ku Maka ndi zipatso za tende pang'ono, n'kupempha kuti apongozi ayambe ndiwo kumwa. Mawu awo anali okwezabe, koma anauza amuna anga kuti pasitima anaona munthu wina akulira masiku onse chifukwa anasiya mkazi wodwala, ndipo atafika padoko lina anapeza uthenga woti wamwalira. Sananene kuti iwo analakwa, ndipo amuna anga sanafune kuti anene. Anangolonjeza kuti tsiku limene telala adzanyamuke, iwo ndiwo adzayang'anira pakhomo pathu.

Chaka chilichonse Ramadani ikamatha, amuna anga ankachita zimene ashehe anapempha. Ankandiitana, n'kuyamba kutchula anthu a m'nyumba mmodzimmodzi, kuti uyu ali bwanji, uyu angatsale ndi yani. Chaka choyamba yankho linali lodziwikiratu. Chachiwiri apongozi anali atagwa pakhomo n'kuthyoka m'chiuno, ndipo wowanyamula kupita nawo padzuwa anali mwana wawo yekha, chifukwa ine sindinkawatha. Chaka chimenecho ndinaona kuti funsolo linawapweteka. Anapita kumzikiti n'kukhalako mpaka swala ya madzulo, ndipo atabwera anadula nsalu ya munthu molakwika, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo.

Apongozi anamwalira chaka chachitatu, nthawi ya masika, atagona pamphasa pakhonde dzuwa likuwawomba kumapazi. Anali atatha sabata akudya pang'ono. M'mawa wa tsikulo anandiitana n'kundiuza kuti Chiyao changa tsopano chawongoka, kungotsala moni. Ashehe ndiwo anatsogolera maliro, anthu awiri atawagwira m'mikono, ndipo iwonso sanaione mvula yotsatira.

Ndinkaganiza kuti tsopano amuna anga anyamuka msanga, koma Ramadani yotsatira itafika anayamba kupeza zifukwa. Anati denga likudontha. Anati mwana wachiwiri wa mlongo wawo wangoyamba sukulu. Anati makina akufuna lamba watsopano. Ndinawasiya amalize, kenako ndinawauza kuti denga afolera bambo a matemba ndi ana awo, kusukulu mwana amapita yekha, ndipo lamba ndimadziwa kumene amagulitsa. Chimanga chinali m'nkhokwe, ndipo za ulendo zinali zitakwanira chifukwa tinali titasoka awirife zaka zitatu.

"Bambo, amene akukugwirani chaka chino ndani?" ndinafunsa.

Ananena motsitsa kuti akuopa madzi. Anati zaka zonsezi ankaganiza za Maka, koma bambo a matemba atafotokoza za mafunde ndi anthu osanza pasitima, anayamba kulota akumira. Anali asanauzepo munthu. Sindinawaseke. Ndinawauza kuti inenso tsiku loyamba kukhala pakhonde ndinkachita mantha, ndipo iwo anaona koma sananene. Mawa lake anapita ku boma kukayamba za mapepala. Ulendo uno anapeza anzawo awiri ochokera cha ku Chiradzulu.

Miyezi imene anachokapo ndimaikumbukira ngati nthawi ya ntchito basi. Ndinkadzuka, kuswali, kuphikira ana asanu, kenako kupita kusitolo. Mmwenye ankanditulutsira makina m'mawa ndi kuwalowetsa madzulo, ndipo poyamba ankandilankhula kudzera mwa mkazi wake, koma pambuyo pake anazolowera. Bambo a matemba ankadutsa Lachiwiri lililonse, kufunsa mokweza ngati kuli bwino, n'kusiya kambale ka matemba. Kalata inabwera imodzi yokha, yolembedwa ku Mombasa, yonena kuti anadwala masiku atatu oyamba koma tsopano akutha kuima kunja n'kumayang'ana nyanja. Ndinapempha mwana wamkulu uja kuti andiwerengere katatu.

Anabwera nthawi yotentha, anthu akusosa m'minda. Sitinadziwe tsiku, ndiye palibe anakawachingamira. Ndinangoona munthu wometa mpala, wakuda ndi dzuwa, ataima kumapeto kwa khonde ndi sutikesi, akudikira kuti ndimalize kuyeza mayi wina. Anagona masiku awiri, akungodzuka nthawi ya swala. Anthu ankabwera kudzawaona, ndipo ine ndinkawabweza kuti abwere mawa.

Atapeza mphamvu anafotokozera anthu zambiri, za khamu, za kutentha, za ngamila. Anauza a kumzikiti kuti anawapempherera ashehe powatchula dzina. Koma chimene anandiuza ine ndekha chinali chaching'ono. Anati tsiku loima pachigwa cha Arafa dzuwa linawalaka, maso anayamba kuchita mdima, ndipo bambo wina wa khungu loyera, wa dziko limene sanalidziwe, anawakokera pansi pa ambulera yake. Anakhala limodzi kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa osamvana liwu ndi limodzi lomwe. Posiyana, bamboyo anatulutsa chithunzi cha ana ake n'kuwaonetsa, akuwerenga ndi zala kuti ndi anayi. Amuna anga analibe chithunzi, ndiye anangotambasula dzanja lonse kuti awo ndi asanu.

Lolemba lotsatira anabwerera kuntchito. Tinagwirizana kuti iwo azisoka za amuna, ine za akazi. Anthu anayamba kuwatchula kuti Alhaji, koma kwa milungu ingapo munthu akaitana choncho kuchokera mumsewu iwo ankangopitiriza kudula nsalu, mpaka ine ndiwagwire pamkono n'kuwauza kuti akuitana inu.